Chizindikiro cha Bambo pa Mpini wa Khasu

Ndinali ndi zaka khumi, ndili Sitandade 2, pamene ndinalakwira bambo anga. Bambo anali mkamwini m'mudzi wa amayi ku Dowa. Munda sunali wawo. Nyumba anamanga okha, koma pamalo a eni. Chawo chenicheni chinali khasu limene anabwera nalo kuchokera kwawo. Kulemba sankadziwa. Pa mpini anatemapo timizere ndi mpeni, chizindikiro chimene bambo awonso ankatema, kuti polima dima makasu akasakanikirana, lawo lidziwike.

Ine zilembo zinali zitandizunguza mutu. Tsiku lina masana ndinatola phale la botolo, ndinapala chizindikirocho mpaka mpini unayera, n'kulembapo dzina langa, FANUWELO. Bambo ataona anangosisitapo ndi chala.

"Walemba bwino," anatero.

Sanandimenye. Bola akanandimenya.

Chaka chomwecho amayi anamwalira. Atameta maliro, akuchikazi anawasudzula bambo kuti abwerere kwawo. Ana tinali a atsibweni, alongo awo a amayi. Bambo atanyamula khasu, atsibweni analigwira n'kuwerenga pa mpini.

"Alamu, dzina ili si lanu. Za mwana zimatsala ndi mwana."

Bambo anandiyang'ana. Chofunika chinali kungonena kuti ndinapala ndine. Ndinayang'ana pansi. Anatsamiritsa khasu pa nkhokwe, nanyamuka chimanjamanja. Sindinawaonenso.

Lero ndikukhala ndi mwana wanga wamkazi ku Ongar, kuno ku Dublin, ku Ulaya. Iye amakasamalira okalamba a eni, ine nkhalamba yake ndimatsala pa zenera kuonerera mvula. Sabata yatha mdzukulu wanga Tadala anabwera ndi buku la zilembo zakale za anthu a kumpoto kwa Ulaya, zotchedwa ma rune. Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, choncho ankandifotokozera pang'onopang'ono. Anati zilembozi n'zamizere yowongoka chifukwa ankazitema pa mtengo ndi mpeni. Anandilozera chimodzi, chonga kanyumba kokhala ndi miyendo iwiri. Dzina lake ndi Othala, kutanthauza cholowa, malo a makolo. Akuti mwina anachitengera ku zilembo zakale za ku Italy. Akutinso ma Viking, ankhondo apanyanja a kumpoto komweko amene anadzakhazikika mumzinda uno kalekale, anabwera atachichotsa kale pa zilembo zawo.

"Anachichotsa ndani?" ndinafunsa.

Anati palibe akudziwa. Ine ndinaganiza ndekha: anali mwana wina wodzimva kuchenjera.

Ndinamupempha pensulo kuti ndimujambulire chizindikiro cha kwathu. Dzanja linaima pamwamba pa pepala. Timizere tija tinali titatu kapena tinayi? Tinkapendekera mbali iti? Onse amene akanandiuza ali kumanda.

Moyo wanga wonse ndinkati ndinawalanditsa bambo khasu. Khasu akanagula lina pamsika. Chimene ndinafafaniza chija ndi chokhacho chimene anali nacho choti andisiyire.