Chitopa pa Famu ya Dona

M'zaka za Chitaganya ndinkagwira ntchito pa famu ya nkhuku ya dona wina wamasiye, kuseri kwa Epworth, kufupi ndi mzinda wa Halale. Ine ndi mkazi wanga tinkakhala pamalo a mishoni, m'kanyumba ka zidina kotsamira thanthwe. Pa famupo tinalipo amuna asanu, koma amene ndimawakumbukira bwino ndi awiri: kapitawo, munthu wa ku Tete wosadziwa kuseka, ndi bambo ena achikulire achiyao, Asilamu, amene ankazinga nkhuku zogulitsa. Bambowa ankapalasa njinga tsiku ndi tsiku kuchokera ku lokeshoni ya Harare, ndipo ndi iwo amene anandipezera ntchitoyo nditangofika kuchokera ku Nyasalande.

Dona anali ndi malamulo ake. Pageti panali chibeseni cha simenti chodzaza mankhwala akuda onunkha ngati phula, ndipo aliyense ankayenera kupondamo asanalowe. Ovololo ndi gambuti zinkatsala pa famu pomwepo. Lamulo lalikulu linali lakuti wantchito asawete nkhuku kwawo.

Ine ndinali ndi ming'alu kuzidendene, ndipo mankhwala aja ankandiwawa ngati tsabola. Kapitawo akayang'ana kumbali, ndinkangolumpha chibesenicho. Kenaka mwana wathu woyamba atabadwa, mayi wina wa kutchalitchi anapatsa mkazi wanga kamsoti.

"Ndi kamodzi kokha, bambo a mwana," mkazi wangayo anatero nditadandaula. "Dona abwera kudzavundukula dengu muno?"

Kamsotiko kanakhala nafe miyezi iwiri. Mmawa wina ndinakapeza kakuwodzera, khosi litapotokera kumsana. Pofika madzulo kanali katauma. Ndinakakwirira ndi manja kuseri kwa thanthwe, mawa lake n'kupita kuntchito ngati palibe chachitika. Patapita masiku awiri maso anga anafiira psuu, akuyabwa. Ofunsa ndinkawauza kuti ndi fumbi la laimu amene tinkawaza m'makola.

Sabata isanathe, nkhuku za m'khola lakumapeto zinayamba kupuma mokoka ndi kuchita zitosi zobiriwira. Dona anaitana dokotala wa ziweto wa boma. Mzunguyo sanachedwe: chinali chitopa, ndipo nkhuku zonse zinayenera kuphedwa n'kutenthedwa.

Kuyambira tsikulo tinaleka kudyera pamodzi. Wina ankanong'ona kuti abale a kapitawo anabwera ndi nkhuku m'mtanga kuchokera kwawo. Wina ankati anaona nthenga pa kaliyala ya njinga ya mnzake. Kapitawo naye anayamba kufunsa aliyense payekhapayekha, mawu ali pansi, ndipo funso lake linkathera pa bambo achiyao aja: kodi si iwo amene amaitanidwa kukazinga nkhuku za sadaka ndi maukwati mu lokeshoni? Nanga mpeni wawo amausiya kuti akaweruka? Ine ndinkangoti kapitawo akatsokomola, mtima phaa. Ndinayamba kukayikira ngakhale mayi amene anatipatsa kamsoti uja, kuti mwina ankadziwa kuti kwawo nkhuku zikufa.

Tikuponya nkhuku m'dzenje la moto, bambo aja anandikokera pambali, nandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga, maso awa si a laimu," anatero. "Ndinawaonapo kwathu chaka chimene chitopa chinasesa mudzi. Ukasambe ndi madzi a mchere, usatikite. Ndipo usamugwire mwana kumaso usanasambe m'manja."

"Bambo, mukuti bwanji?"

"Ndati ukasambe."

Anabwerera kudzenje. Ndinaima pomwepo ndikuganiza kuti basi, akandinenera. Masiku atatu ndinawalonda ngati wakuba. Akayandikira khonde la dona, nanenso ndinkapeza kantchito pafupi kuti ndimve.

Lachisanu dona anatiitana mmodzimmodzi pakhondepo, kapitawo akumasulira.

"Uli ndi nkhuku kunyumba?"

"Ndilibe, dona." Ndipo tsikulo ndinalibedi.

"Nanga madala aja, n'zoona kuti amazinga nkhuku za anthu ku lokeshoni?"

Ndinayang'ana pansi. "Amazinga," ndinayankha. Nazonso zinali zoona.

Bambowo analowa pambuyo panga. Sindinamve zimene ananena, koma sanakhalitse. Anatuluka, navula ovololo, nayipinda bwinobwino, n'kuyika pa gambuti. Anatsanzika aliyense, ine ndi kapitawo yemwe, nakankha njinga yawo mpaka kumsewu.

Maso anga anapola. Tinatsuka makola, tinawasiya opanda kanthu mpaka mvula itagwa, anapiye atsopano n'kubwera. Pambuyo pake tinamva kwa dalaivala wina kuti nthendayo inayambira pa mafamu a ku Hatfield, ndipo lole imene inkatibweretsera makreti inkadzera komweko. Mkazi wanga anasangalala ndi nkhaniyo, nailongosola kwa aliyense. Ine sindinadziwe choti ndikhulupirire, ndipo mpaka lero sindidziwa.

Patatha chaka ndinapita ku Workington kukafuna ntchito ina. Pageti la fakitale ina ndinapeza mlonda wovala chijasi chachikulu, ndipo anali bambo aja. Anali ataonda. Anandifunsa za mwana, za mkazi wanga, ngati denga lathu linasiya kudontha. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za kamsoti, koma anandidula.

"Mwezi wa mawa ndikupita kumudzi," anatero. "Basi imadzera kwanu. Mayi ako unawalembera liti kalata?"

Ndinavomera kuti papita nthawi. Anandibwereka pensulo, ndipo ndinalemba pomwepo, pepala nditalitsamiza pakhoma. Ndinawapatsanso mpango umene ndinali nditagulira mkazi wanga kuti akapereke kwa mayi. Patapita miyezi itatu yankho linafika. Mayi anati mlendoyo anatsika basi, nayenda wapansi mpaka pakhomo pawo dzuwa lili pamutu, ndipo anawauza kuti mwana wawo ali bwino ku Halale, akugwira ntchito molimbika.