Jekete Imene Inakana Mwamuna Wowonda

Mayi Mapini sankalankhula kwambiri. Sikuti ankasowa mawu ayi, koma pakamwa pawo pankakhala mapini tsiku lonse, ndipo dzinalo linachokera pomwepo. Ukawafunsa kanthu ankayankha ndi mphuno. Anzawo a ku bungwe losunga zakale anazolowera kusiyanitsa "eya" ndi "ayi" wa m'mphunomo, ngakhale mlendo ankangomva ngati njiwa ikulira.

Bungwelo linali m'nyumba yakale ya masitepe amatabwa, pafupi ndi pokwerera basi. Chaka ndi chaka linkachita chionetsero: chaka china zithunzi, china zoumba, china zida za amisiri akale. Koma pafupifupi chionetsero chilichonse chinkafuna zovala, ndipo chovala chopachika pamsomali ndi sanza chabe. Ntchito ya Mayi Mapini inali kuchibwezera thupi.

Kalipentala wa bungwelo ankakhoma mafupa a matabwa ndi waya, opanda mutu, n'kuwatsitsira m'chipinda chapansi. Kumeneko Mayi Mapini ankawakuta ndi thonje ndi nsalu, kuwonjezera apa, kuchotsa apo, mpaka chovalacho chitakhala monga chinkakhalira pa mwini wake. Sankafunsa chithunzi cha munthuyo. Ankawerenga chovalacho: chigongono chimene chinatha msanga, thumba lotambasuka chifukwa cha dzanja losakhazikika, msana wa diresi wokwera chifukwa mwini wake ankayenda chowerama. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mayiwa ankatha kukhala sabata yathunthu pa phewa limodzi.

"Munthu amanama," ankatero akalavula mapini. "Chovala chake sichinama."

Ndinene zoona, ntchitoyo ankaichita bwino mopitirira muyeso. Zidole zawo zikatha, anthu ankatsitsa mawu polowa m'chipindamo popanda wowauza. Mwana wina anapereka moni kwa diresi ya namwino, n'kudikira kuti imuyankhe. Mayi wosesa anakaniratu kusesa m'chipinda chapansi atazifulatira zidolezo; ankasesa chobwerera m'mbuyo, maso ali pa izo, uku akuimba nyimbo yapamtima. Ndipo panalinso nkhani ija yoti chidole ukachisiya chikuyang'ana kukhoma, masana umachipeza chapenya kukhomo. Kalipentala ankati ndi pansi popendekeka. Mwina n'zoona. Koma iyenso akamatsika masitepe aja ankayamba watsokomola kaye, ngati munthu wolowa m'nyumba ya eni.

Mayi Mapini sankaziopa. Ankati munthu amene wakhala zaka zonsezi ndi mwamuna wosaoneka sangaope jekete.

Amuna awo anali makaniko, munthu wowonda ngati ndodo, wa phewa lamanzere lotsika chifukwa injini inamugwerapo ali mnyamata. Anachoka mwana wawo wamkazi akukwawa, ati akukafuna ntchito kumzinda wa kudoko, akakhazikika adzabwera kudzawatenga. Mwana uja anayenda, anaphunzira, anakwatiwa, anabereka wake, bambo osabwera. Panalibe uthenga wa moyo, panalibe uthenga wa imfa. Achibale anatopa n'kunena kuti angomuyesa wakufa, koma Mayi Mapini anakana.

"Ndilire ndani? Mphepo?"

Choncho anakhala pakatikati, osati mkazi wa munthu, osatinso wamasiye. Kalipentala, yemwe mkazi wake anamwalira kalekale, ankawafunsira chaka chilichonse chionetsero chikatha, ngati kuti nayonso ndi ntchito ya bungwe. Ankabwera ndi kampando katsopano kapena kabokosi ka ulusi, n'kuima pakhomo akupotokola chipewa.

"Nanga chaka chino, mayi?"

"Ndine wokwatiwa, bambo."

"Kwa ndani? Ine ndiye ndimaoneka tsiku lililonse."

Mayi Mapini ankaseka, kampando n'kulandira, munthu n'kumubweza. Chimene ankafuna sichinali mwamuna wina. Ankafuna kudziwa basi: ali moyo, kapena anafa? Funso limeneli linkawadya mkati ngati chiswe, kunja akuoneka athunthu.

Chaka chimenecho bungwe linaganiza zoonetsa zovala za pantchito za anthu amene anatisiya. Analengeza pawailesi, ndipo mabanja anabweretsa zimene anasunga m'masutikesi: epuloni ya wophika buledi, ovolosi ya wozimitsa moto, malaya oyera a mphunzitsi okhala ndi inki pathumba. Chipinda chapansi chinadzaza fungo la mankhwala a njenjete.

Tsiku lina masana abwana a bungwelo, mtsikana wa magalasi amene ankathamanga ngakhale popita kukamwa madzi, anatsika ndi phukusi la pepala n'kuliika patebulo.

"Iyi yabwera mochedwa, amayi, koma taionani."

Inali jekete yabuluu ya makaniko, yotuwa m'mapewa. Mayi Mapini anatembenuza kolala, monga ankachitira ndi chovala chilichonse, kuti aone mmene khosi linkaikhulira. Pansi pa kolalayo panali kamtanda kakang'ono ka ulusi wofiira. Ndi mmene iwo ankatsekera msoko womaliza pa chovala chilichonse chimene asoka, kuyambira ali mtsikana. Mapini onse anagwa pakamwa n'kumwazika pansi.

"Wabweretsa ndani?"

Abwana anadabwa kumva mawu athunthu. "Bambo wina. Sanalowe, anangoima pakhomo padzuwa paja. Ndinawafunsa dzina la malemuwo, iwo anangoti, 'Mukapatse mayi wosoka uja, akudziwa.' Ndimati nditenge cholembera, potembenuka apita. Mwina ndi mbale wake wa malemuyo."

"Anali wotani?"

"Wachikulire ndithu. Phewa limodzi lotsika, chonchi."

Mayi Mapini anakwera masitepe aja ngati mtsikana. Panja panali dzuwa loswa mtengo, mabasi akuitana anthu, mayi wina akugulitsa malalanje. Anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi. Ali moyo! Ali moyo, ndipo akudziwa kumene iwo amagwira ntchito. Wachita manyazi kulowa, ndiye watumiza jekete kuti iyambe yapepesa. Anakondwa, anakwiya, kenaka anakondwanso. Mwana wawo sanamuuze kanthu, poti anafuna ayambe amuona mwamunayo ndi maso.

M'mawa mwake anayamba ntchito. Apa sanafune kuwerenga chilichonse, poti thupi limeneli ankalidziwa ndi manja. Anaumba chifuwa chopyapyala, mimba yolowa mkati, phewa lamanzere lotsika, n'kuveka jekete ija.

Jekete inakana. Inalendewera ngati thumba lopanda kanthu, kutsogolo kukugwa, mabatani akuyang'ana pansi. Anaivula, anakonza, anavekanso. Inakananso. Pamenepo anachita chimene akanayamba nacho chikanakhala chovala cha mlendo: anaitembenuza kunja kukhala mkati.

Misoko ya m'mbali inali itamasulidwa n'kukulitsidwa. Osati kamodzi. Panali mzere wa ulusi wakuda, kenaka wina kunja kwake, kenaka kansalu kowonjezera. Kasokedwe kake kanali kotalikirana, ka munthu wosaphunzira kusoka koma wosatopa, amene ankabwerera ku jekete yomweyo mwamuna akamanenepa. Linali dzanja la mkazi.

Mayi Mapini anakhala pa kampando ka kalipentala nthawi yaitali. Zinawapweteka kwambiri, kuposa zaka zonse zodikira zija. Iwo ankamuganizira akugona m'misewu, akudwala, akusowa ya basi. Kani munthu ankadya mpaka misoko kuphulika!

"Mwanenepatu, bambo," anaiuza jeketeyo. "Akuphikirani bwino kumeneko."

Kenaka anatenga thonje. Mwambo wa ntchito yawo anauika okha, ndipo sakanauthyola chifukwa cha nsanje. Anawonjezera mimba pang'onopang'ono, m'nthiti, kumsana, akuumba ndi manja awo mwamuna amene sanamuonepo. Mapini ankawabaya mwamphamvu kuposa masiku onse, zimenezo sitingabise. Pomaliza jekete inakhala phee, batani lililonse pamalo pake, ndipo m'chipindamo munaima munthu.

Panali zinthu ziwiri zimene sanauze aliyense. Jekete ya makaniko imanunkha oilo mpaka kalekale, koma iyi inkanunkha dothi lonyowa. Ankaipukuta ndi burashi, timadothi n'kugwa m'misoko, m'mawa n'kupezanso tina patebulo. Ndiponso nsaluyo inkazizira. Kunja kukutentha, zidole zina zili zofunda ngati buledi, iyo ukaigwira ngati wagwira mtsuko. Masana ena akusoka epuloni ya wophika buledi anamva ngati wina wawaima kumbuyo. Potembenuka, chidole chija, chimene anachisiya chitapenya kuwindo, chinali chitapenya kwa iwo, phewa lotsikalo lili patsogolo, monga ankaimira mwini wake akafuna kupempha kanthu koma osadziwa poyambira.

"Ngati muli ndi mawu, mubwere nokha," anatero Mayi Mapini. "Musanditumizire matabwa."

Tsiku lotsegulira chionetsero anavala diresi yawo yabwino, pakamwa popanda pini ngakhale imodzi. Abwana analankhula za kusunga mbiri ya anthu wamba, anthu anaomba m'manja, ojambula anajambula. Mayi Mapini sanamve chilichonse. Anaima pafupi ndi jekete ija, maso ali pakhomo, akuyesa phewa la mwamuna aliyense wolowa. Mawu oti amuuze anali atawakonza kale, ena otukwana, ena ayi.

Dzuwa litapendeka, anthu atachepa, kunalowa gulu la amayi ochokera kutali amene anabwera mumzindamo pa zina, n'kungopatukira kuti aone. Mmodzi wa iwo, wamfupi, wa nkhope yabwino yotopa, anatsalira m'mbuyo. Anaima patsogolo pa jekete ija. Chikwama chinamupulumuka m'manja.

"Mayo ine," ananong'ona. "Abambo awa."

Anatambasula dzanja, koma sanaigwire. Anatembenukira kwa Mayi Mapini.

"Amayi, mumagwira ntchito pano? Jeketeyi mwaitenga kuti?"

"Anabweretsa bambo wina, sabata zapitazi. Mukuidziwa?"

"Ndi ya amuna anga. Onani m'mbalimu, ndinkaikulitsa ndine. Ndinkawauza kuti tigule ina, iwo ayi, iyi yokha." Anayang'ananso jekete ija. "Bambo wake uti?"

"Wa phewa lotsika."

Mayiyo anagwira khoma. "Musatero, amayi. Amuna anga anamwalira chaka chatha. Jeketeyi anachita kupempha okha ali m'chipatala kuti tidzawaveke. Ndinawamanga mabataniwa ndi manja angawa, bokosi n'kutseka ndikuona."

M'chipindamo munali anthu, wina akuseka chapatali, basi ikuliza hutala panja. Mayi Mapini anatembenuka. Anayang'ana chidole chija. Chinangoima, chopanda mutu, mimba patsogolo, monga anachiumbira.

"Anadwala nthawi yaitali?" anafunsa.

"Miyezi ingapo. Sanavutike kwambiri."

"Anakuuzanipo amene anasoka jeketeyi?"

"Ayi."

"Za mkazi wina, kapena mwana, kumene anachokera?"

"Ayi, amayi. Ankati alibe aliyense." Mayiyo anawayang'anitsitsa, ndipo nkhope yake inasintha pang'onopang'ono. "Inu mwawaumba bwanji chonchi, osawaonapo?"

"Phewalo ndi langa," anatero Mayi Mapini. "Mimbayo ndi yanu."

Anakhala pansi pomwepo, pa simenti, diresi yabwino ija ili m'fumbi, ndipo kulira kumene anakusunga kuyambira mwana wawo akukwawa kunatuluka konse nthawi imodzi. Sikunali kulira kwaulemu. Alendo ena anayesa ndi mbali ya chionetsero, wina mpaka anakweza foni kuti ajambule, koma kalipentala anamutsitsa dzanja mosalankhula. Mayi wamfupi uja anaima kanthawi, osadziwa ngati ali ndi malo pamenepo. Kenaka anakhala pansi nayenso, n'kuwagwira mkono.

Atapeza mpweya, Mayi Mapini anapempha foni yawo m'chikwama. Zala zimene sizinaphonyepo diso la singano zinalephera kupeza nambala, mpaka mayi uja anawathandiza. Mwana wawo anayankha ali pakati pa phokoso la kuntchito.

"Amayi, zili bwino? Mawu anu bwanji?"

"Bambo ako abwera, mwanangu," anatero. "Pempha kuntchitoko, ubwere tidzawalire."