Phewa Pansi, Nkhata Isagwe

Bambo anga anabwerako ku Zomba ndi ndodo imodzi ya gofu, mipira itatu, ndi nkhani zosatha. Anakhala kumeneko zaka zambiri akunyamulira zikwama anthu osewera gofu, ndipo masiku amene bwalo linalibe mabwana, onyamula zikwamawo ankaloledwa kusewerako. Bambo ankati pa anzawo onse panalibe womenya mpira patali kuposa iwo. Kwathu kwa Phalula palibe amene anakhulupirira.

Umboni akanautenga kuti? Atangobwera anadwala sitiroko, dzanja lamanja n'kulobodoka. Komanso anali mkamwini wochokera ku Chikweo, ndipo mkamwini sachedwa kusekedwa. Wotsogolera kusekako anali malume, mlongo wawo wa mayi.

"Alamu, tafotokozaninso ija ya mpira wodumpha mitengo," ankatero malume pakakhala anthu. "Ana awa sanaimve."

Bambo ankaseka nawo, koma ine ndinkaona mmene ankabwererera kunyumba, maso ali pansi. Zinkandiwawa kwambiri. Malumewo ndinafika podana nawo, ngakhale zigumu zawo sindinkakana.

Kumapeto kwa munda wathu kunali mlambe. Tsiku lina bambo mtima unawapsa, n'kunena pagulu kuti mpira ungadumphe mlambe umenewo, ndipo poti dzanja lawo lakana, adzachita ndi mwana wawo. Malume anangoti tidzaona tikakolola.

Anayamba ndi achimwene anga awiri, anyamata oti khasu linkawaopa. Mphamvuzo n'zimene zinawalakwitsa. Ndodo ikafika pamwamba, khasu linkawabwerera m'thupi. Phewa lamanja linkatulukira kutsogolo, thupi lonse n'kugwera pa mpira, ndodo n'kutema nthaka. Fumbi koboo, mpira uli pompo.

"Iyayi! Ukulima!" ankakuwa bambo. "Ndakutuma kudzala chinangwa ine?"

Mpira umodzi unang'ambika ndi kutemedwa, wina unathawira m'tchire osapezekanso. Achimwene anatopa nazo, n'kunena kuti masewera a anthu olemera sabereka chimanga. Unatsala mpira umodzi.

Ine panalibe amene ankandiganizira, poti ndinali mtsikana. M'mawa wina nditatsuka mbale, ndinataya madzi a m'beseni pabwalo monga mwa masiku onse. Bambo anali pakhonde.

"Tabwereza," anatero.

Ndinayesa ndawathira madzi, ndiye ndinayamba kupepesa. Iwo anangondiuza kuti nditungenso. Nditataya kachiwiri anadzuka, n'kubwera akukoka mwendo.

"Waona phewa lako lamanjalo? Lalowa pansi pa chibwano. Chiuno chatsogola, phewa lamanzere lakwera, mutu watsalira m'mbuyo. Gofu ndi ameneyo, mama."

Kuyambira tsikulo, ndikaweruka kusukulu tinkapita kuseri kwa nkhokwe. Mpira anaubisa m'thumba la jekete, ine ndinkamenya zitsononkho zoduladula. Pamutu ankandiika nkhata yanga yosenzera ndowa. Nkhata ikagwa chitsononkho chisanachoke, ndiye kuti mutu wathamangira kutsogolo, ndipo tinkayambiranso. Ankaima kumbuyo kwanga, dzanja lawo labwinolo lili paphewa panga, n'kumalikankhira pansi pang'onopang'ono pamene ndodo ikutsika. Dzanjalo linkanunkhira fodya ndi sopo wochapira, ndipo mpaka lero ndimalimva pamenepo.

Chimene chinkandivuta chinali kupendekera kumanja. Ndinawafunsa kuti ndipendekera bwanji kuno pomwe mpira ukupita uko.

"Madzi aja ukamataya, umawatsatira?" anandifunsa. Sindinatsutsenso.

Titakolola, Lamulungu lina pochokera kutchalitchi, malume anabwera ndi anthu, ena atanyamula ndi mipando yomwe. Atamva kuti womenya ndine, anaseka mpaka kutsokomola. Bambo anaunjika kamchenga pakati pa mapesi, n'kukhazika mpira uja pamwamba. Kenako anandipatsa ndodo.

Ulendo woyamba ndinayang'ana mlambe, ndinafuna mphamvu, ndipo khasu la achimwene linandilowa nanenso. Nkhata inagwa, ndodo inatema nthaka, mpira osagwedezeka n'komwe.

"Mzere wabwino, mphwanga!" anakuwa malume. "Tidzalepo mtedza!"

Misozi inalengeza m'maso mwanga. Bambo anatola nkhata, anaikuntha fumbi, n'kundiikanso pamutu.

"Mlambe usiye, sukuthawa," anandinong'oneza. "Taya madzi basi."

Ndinakweza ndodo. Chiuno chinayamba, phewa linatsikira pansi pa chibwano, ndipo m'manja sindinamve kulemera kulikonse, kaphokoso kokha kouma, thwa! Nkhata inagwa mpira utachoka kale. Kampira koyera kanakwera, kanakwera, kanadutsa pamwamba pa nthambi za mlambe, n'kuzimirira kuseri.

Malume anavula chipewa.

"Alamu, kani zinali zoona?"

Achimwene anali atayamba kale kuthamanga kukasaka mpirawo, poti unali womaliza, koma bambo anawaitana kuti abwerere.

"Usiyeni," anatero. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikusaka mipira ya eni ake m'tchire. Uwu ndi wanga. Upite."

Bambo anatisiya patapita zaka zochepa. Ine pano ndimagulitsa zitenje ku Liwonde, ndipo pabwalo lenileni la gofu sindinapondepo. Ndodo ija ili kuseri kwa chitseko, dzimbiri likuidya. Ndikapita kwa Phalula kukaona mayi, ndimadutsa pansi pa mlambe uja popita kumanda. Ndikudziwa kuti mpirawo uli penapake m'maudzu amenewo, koma ndikamadutsa sindiyang'ana pansi, kuopa kuupeza.