Sitima ya nkhondo m'munda wa mbatatesi

Achimwene, lero chakwana chaka chichokereni inu, ndipo manda anu ali kutali ku Debeni. Ine ndili kuno ku Kaphuka, ndikukumba mbatatesi ndekha m'munda wa kumtunda uja, kumene foni imagwira bwino. Ndi momwemuno munandiimbira foni ya kanema Loweruka lija, abwana anu atakupatsani tchuthi. Munati, "Nangozo, siya khasu, tiye ukakwere sitima." Inali sitima yakale ya nkhondo ya pamadzi, imene anaimangirira padoko kuti anthu azilowa kukaona. Munandiyendetsa m'tinjira tothina, mukundionetsa mizinga ndi timabedi tosanjikizana ta asilikali. "Ankagona ngati matumba pa lole," munatero. Kenako munatembenuzira foni kwa abambo achikulire oonetsa alendo kuti ndiwapatse moni. Ine ndinagwada pakati pa mizere, dothi lili lonyowa. Munaseka mpaka foni kugwedezeka. "Dzuka iwe, akungoona chipumi chokha."

Abambo aja anati ndifunse chilichonse. Inu munandidikira, podziwa kuti mawu anga amachedwa kutuluka. Pakhomo pano ndinu nokha munkawadikira. Funso ndinali nalo: kodi anyamata ogona pa timabedi tija anabwerera kwa amayi awo? Koma ndinachita manyazi, ndinangoti zikomo. Ndinkati ndidzakufunsani mukabwera pa Khirisimasi, tili awiri. Funsolo ndikadali nalo, achimwene, ndipo woti angadikire kuti ndilimalize palibe. Gonani bwino kutaliko.