Sefa Ili Kuchipinda kwa Apongozi

Ine pepala sinditaya. Ziphaso za ubatizo za ana onse, makadi a kusikelo, malisiti a thonje, chilolezo cha njinga chimene boma linaleka kale kufunsa, zonsezi ndili nazo. Anthu a kuno ku Mnkhanya amandiseka, koma akafuna kudziwa chaka chimene mwana wawo anabadwa, njira imathera pakhomo panga.

Chimene ndinkaopa ndi moto. Nthawi yotentha lupsa limachokera kutchire, ndipo denga langa linali laudzu. Loji ina ya kufupi ndi paki itayamba kugulitsa masefa akale a m'nyumba zogona alendo oona nyama, ndinagulako imodzi. Inali bokosi lachitsulo lolemera ngati mwana wa mvuu. Ndinaiika kuchipinda kwathu, kumutu kwa bedi, n'kuimata ndi simenti pansi kuti wakuba asainyamule.

Wondigulitsayo analumbira kuti moto sungalowemo. Za madzi sanatchule, ndipo mpaka lero ndimati anachitira dala.

Dzinja lina mtsinje wa Lupande unasefukira, madzi n'kulowa m'nyumba mpaka m'mawondo. Tinathawira kumtunda. Titabwerera, akazi anga anathamangira kunkhokwe, ine kusefa. Loko anali atadzaza matope ndi dzimbiri. Nditapotoza kiyi, anathyoka ngati chinangwa chouma, theka n'kutsalira m'kati. M'munsi mwa chitseko munkachucha madzi ofiirira. Ndi kutentha kwa m'chigwa muno, pepala lonyowa likatsekeredwa silichedwa kusanduka phala.

Munthu wodziwa maloko m'dera lonselo anali mmodzi: mkamwini wanga, makaniko wa kuloji, amene ankatsegulira alendo masefa akagwetsera makiyi mumtsinje. Anabwera panjinga ndi tupa, timawaya ndi botolo la palafini. Anagwada chapatali n'kuomba m'manja.

"Mwadzuka bwanji, apongozi? Bokosilo lili kuti?"

Nditamuuza, anayang'ana pansi. Ndi pamene ndinakumbukira. Mkamwini kwathu kuno akakumana ndi mayi wa mkazi wake panjira amapatukira kutchire, ngakhale kutchireko kuli njati. Nanga kuchipinda kumene apongozi aakazi amagona akapondeko bwanji? Ndinamuuza kuti mwini nyumba ndine, ndipo ndamulola. Iye anati chilolezo changa walandira ndi manja awiri, koma miyendo yake ikukana.

Tinagwirizana kuti aime kunja, kuseri kwa khoma, atafulatira zenera, azindiuza chochita. Ndinagwada m'matopemo ndi kawaya. Ankati ndilowetse mofatsa, ndimve ndi chala pamene chitsulo chothyokacho chagwira. Ine chimene ndinkamva ndi msana wokha. Udzudzu nawo unapeza phwando.

"Mwakankha kwambiri, apongozi."

"Mwaona bwanji inu, mutafulatira?"

"Ndamva mmene mwapumira."

Mlamu wanga, amene anabwera kudzaonerera, anati tingoitema ndi nkhwangwa. Ndinamufunsa ngati anagulapo sefa chibadwire. Anati ndiye tigumule khoma kuti bokosilo likhale panja. Apo ndinayamba kuganizira ndithu, chifukwa dzuwa linali litakwera ndipo fungo la nkhungu linali litayamba kutuluka pachitseko.

Nthawi yonseyi akazi anga anakhala kuseri kwa nkhokwe kuti asaonane maso ndi mkamwini wawo. Anandiitana ndi dzanja.

"Kodi inu bambo, chipinda ndi khoma kapena ndi bedi?"

Sanadikire yankho. Anauza mkamwini kudzera mwa ine kuti akaone ngati njinga yake ili bwino kumsewu. Atachoka, tinatulutsa bedi, mphasa, neti ya udzudzu, ndi kadengu kena kamene anakaphimba ndi chitenje n'kunyamula okha. Anasesa pansi. Kenako analowetsamo makasu, thumba la mtedza, mtondo wong'aluka, ndi chitete chimene munali nkhuku yofungatira. Nkhukuyo inadandaula, koma inali mboni yabwino.

"Muuzeni," anatero, "akatsegule bokosi m'nyumba ya makasu."

Mkamwini anasuzumira pakhomo, anayang'ana makasuwo, anayang'ana nkhuku, n'kuvula nsapato. Sindinene kuti inali ntchito ya kamphindi. Anathira palafini, anadikira, anakolowola, mpaka theka la kiyi linatuluka. Loko anakanabe. Anatenga kiyi wosasema m'thumba, analumikiza zidutswa ziwiri zija pathabwa kuti aone mano ake, n'kuyamba kupala ndi tupa. Ankapala pang'ono, kuyesa, kupalanso. Ine ndinaima pambuyo pake kumufulumizitsa, iye n'kumangoti, "Inde apongozi," koma dzanja osasintha liwiro.

Chitseko chitatseguka, madzi anakhuthukira pamapazi ake. Mapepala apansi anali atamatana kukhala chibuma chimodzi, ndipo makadi a kusikelo anathera pomwepo. Apamwamba anapulumuka. Tinawayanika pabwalo lonse, lililonse ndi kamwala kake, mlamu wanga atapatsidwa ntchito yothamangitsa mbuzi. Mkamwini anandisemera kiyi wachiwiri n'kunditsanzika ali chogwada.

Madzulo ndinagwira mwendo wa bedi kuti tilibweze kuchipinda kuja. Akazi anga anakhala pamatiresi n'kupinda manja. Anati m'menemo mwaponda mkamwini, ndipo iwo sananame pamene ananena kuti ndi nyumba ya makasu. Bedi likabwerera, ndiye kuti mwana wa eni tamulowetsa kuchipinda mwachinyengo, ndipo akadzamva sadzadyanso pakhomo pano.

Ndinatsutsa mpaka mawu anandithera. Chinali chipinda chabwino kuposa zonse, chokhala ndi zenera loyang'ana kumene kumachokera mphepo. Tinagona pabalaza mpaka mvula inatha, pamene ndinaumba njerwa zomangira china, chaching'ono ndiponso chotentha. Nkhuku ija inaswa anapiye ake momwemo, pambali pa sefa, kukupita kamphepo kayaziyazi.