Ndinkalemba za Chala cha Mkazi Wanga

Ndinadziikira lamulo ndekha: tsiku lisadutse osalemba kanthu pa tsamba langa la pa intaneti. Ndinali mphunzitsi wa Sitandade 6 pa sukulu ina kufupi ndi Malomo, koma ndinkafuna kukhala mlembi, osati kukalambira pa choko. Ndinkalemba pa foni nthawi ya buleki, ndikaweruka n'kukwera pachulu cha kuseri kwa makalasi, pomwe netiweki imagwira, n'kutumiza.

Masabata atatu oyamba ndinalemba za nkhungu ya m'mapiri a Ntchisi, za fodya m'zigafa, za akabaza. Owerenga anayi basi, ndipo mmodzi wa anayiwo ndinali ine ndemwe. Zinkandiwawa, ndisaname. Kenaka mutu unauma gwa.

Nthawi imeneyo mkazi wanga anali atayamba sukulu ya kwacha. Iye analekezera Sitandade 2, makolo ake atamutulutsa kuti azisoka fodya. Amayi anzake a kutchalitchi anamuuza kuti pa Lamulungu lawo lotsogolera mapemphero, iyeyo ndiye adzawerenge Mawu pamaso pa mpingo wonse. Mtima wake wonse unali pamenepo. Madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe ankakhala pakhonde, buku pamiyendo, chala chikukwawa pansi pa mzere, lilime panja, thukuta kamukamu ngati akulima mphanje.

Tsiku lina nditasowa cholemba, ndinamusuzumira pawindo n'kulemba zomwe ndinkaonazo. Dzina sindinatchule, ndinangoti mayi wina wa kwathu kuno. Koma ndani sakanadziwa? Khonde ndinalifotokoza, ndi mtengo wa papaya womwe.

Abale inu, anthu ndi oipa! Za nkhungu sanazifune, koma izi anazilandira ndi manja awiri. Wina ankati ndamupha ndi phwete, wina ankafunsa kuti chala chafika vesi yanji lero. Ine ndinatupa. M'mawa mwake ndinalembanso za chalacho, mkuja chimodzimodzi. Ndipo ndivomere, kalembedwe kanga kanakhwimadi masiku amenewo. Ndinaphunzira kuyang'anitsitsa munthu. Ndinkafika mpaka pokhala naye pakhondepo n'kunena kuti, "Tabwerezani pamenepo, mayi," kuti ndione bwino mmene milomo ikunjenjemerera.

Iye ankayesa ndikumuthandiza. "Zikomo bambo, mukundilimbitsa mtima," ankatero, n'kubwereza.

Mphunzitsi mnzanga anandikokera pambali tsiku lina. "Achimwene, zolemba zanuzi zafika pa mjigo. Achinyamata akuwerengera amayi awo. Nanga alamu akadzadziwa? Lekani."

Ndinamukalipira. Ndinati iye ndi wa nsanje, moyo wake wonse sanalembepo china kupatula sikimu yophunzitsira. Kuleka, pamene ndinali nditakwanitsa masiku makumi anayi osadumphitsa? Ayi ndithu.

Lamulungu lija linafika. Mkazi wanga anasita bulauzi yoyera ndi duku loyera kawiri konse. Tchalitchi chinadzaza, ine ndili mbali ya abambo, benchi yachitatu. Anamuitana, anaimirira kutsogolo, natsegula buku. Atangoika chala pa mzere, kumbuyo kunamveka kuti khi! Nditacheuka, ndinaona achinyamata benchi yonse atatulutsa malilime, zala zikukwawa m'malere. Kuseka kunayenda mpaka kunafika mbali ya amayi, ena akubisa nkhope m'zitenje. Mkulu wa mpingo anamenya tebulo kuti anthu akhale chete, koma zinali zitatayika kale.

Mayi wina wa kutsogolo, poyesa kumulimbitsa mtima, ananena mokweza kuti, "Werengani mayi, musasamale zolemba za amuna anuzo!"

Apo ndi pomwe anadziwira. Sanayang'ane achinyamata aja, anayang'ana ine. Anayesa mzere woyamba, mawu anakana kutuluka. Anatseka buku, napatsira mayi uja, n'kukakhala pansi. Anakhala mpaka pemphero lotsekera, msana uli chilili.

Kunyumba sanalire, sanatukwane. Anavula duku, nalipinda bwinobwino, n'kunena kuti, "Mwapeza cholemba chalero, aphunzitsi." Chikwatirane anali asananditchulepo choncho.

Ndikanakonda kunena kuti foniyo ndinaiponya m'chimbudzi. Bodza. Ndinadya, ndinalemba zonse za m'tchalitchi muja, n'kukakwera pachulu. Anthu anaikonda nkhaniyo kuposa zonse. Ndimadana nalo tsiku limenelo, ndipo ndimadana ndi munthu amene anakwera pachuluyo.

Lolemba masana amayi anzake a sukulu ya kwacha anaima panjira ndi makope awo. "Tiyeni anzathu, nthawi yakwana!"

Iye anali akusola chimanga pabwalo. Sanadzutse ngakhale mutu. "Pitani. Ine ndinamaliza."

Sanapitenso, mpaka lero. Ine ndinali m'nyumba, ndinamva bwinobwino, ndipo chomwe chinayamba kubwera m'mutu mwanga n'chakuti mawu amenewo akoma kuyambira nkhani ya tsikulo.