Chimbuya chinaphwanya galimoto ya atate

Inu owerenga, ndikulemba izi mtima ukuwira, ndipo musandiuze kuti ndiugwire. Ndinaugwira kale tsiku limene sindinayenera kuugwira, ndipo amene anavulala ndi atate anga. Munthu anawatsomphola chinthu m'dzanja pamaso pa khamu, ine mwana wawo nditaima chilili, mano onse ali panja, chifukwa choti wotsompholayo anali mbuya wathu.

Kwa inu amene simukuchidziwa, kuno kum'mawa kwa Zambia ife ndi Abemba timachita chimbuya. Iwo amatinena kuti ndife odya mbewa, ife n'kuwabwezera kuti kwawo anatha anyani m'nkhalango. Pamaliro ndi pazochitika za banja amatipaka ufa kumaso, amalanda chipewa kapena nkhuku, ndipo amene wakwiya ndiye amasekedwa. Mwambowu sindikuukana ayi. Ndauonapo ukuseketsa amasiye amene maso anali atatupa ndi kulira. Koma mverani zimene unachita pakhomo pathu.

Atate anayendetsa lole moyo wawo wonse, kututa thonje ndi chimanga m'misewu ya ku Sandwe, kumene madalaivala ena ankangomva dzina lokha n'kudwala mutu. Atapuma ntchito anakhazikika ku Kacholola, kufupi ndi mseu waukulu. Kumeneko ndi kumene sitiroko inawapeza. Dzanja ndi mwendo wakumanzere zinafa, lilime linalemera. Munthu amene ankati akaseka mumamumva muli kumsika anadzitsekera kuchipinda, osafunanso kuti wina amuone akudontha malovu. Amai anayesa kuwanyengerera kuti akaothereko dzuwa, abusa anabwera, anzawo anabwera, koma iwo ankangotembenukira kukhoma.

Ine ndimakonza mafoni ndi mawailesi mu Petauke. Tsiku lina ndikuyesa foni ya kasitomala, ndinaona kanema wa timagalimoto toyendetsera patali ndi limoti, tokwera miyala. Si taliwiro tija timagulira ana ayi. Iti timayenda ngati bilimankhwe, tayala limodzi likusakasaka pogwira, lina lili m'malere. Nditangoona ndinati, uku ndiye kuyendetsa kwa atate anga kumeneku.

Mamota, magiya ndi matayala ndinaitanitsa kudzera mwa mnzanga amene amapita ku Lusaka kukaoda katundu. Zina zonse ndinapanga ndekha pakashopu kanga, kakakhala kopanda makasitomala. Bodi ndinaiumba ndi paipi ya pulasitiki ya madzi: kuing'amba, kuiwamba pambaula mpaka ifewe, kuipanikiza ndi thabwa, kenako kudula ndi kumata mpaka inatuluka lole ya atate yeniyeni, ya mutu wobiriwira. Zala zanga zili ndi zipsera mpaka lero. Matayala anabwera olimba, ankangoterereka pamwala, ndiye ndinawasema mizere ndi lezala, m'kati n'kulongamo siponji ya matiresi akale. M'mawilo akutsogolo ndinakulungamo mtovu kuti mutu uzilemera, kagalimoto kasamagwe chagada pokwera.

Chimene chinandisowetsa mtendere ndi limoti. Imafuna manja awiri, lina pamafuta, lina pakachiwongolero, pomwe atate atsala ndi limodzi. Ndinadula mpini wa mswachi, n'kuupinda pamoto, n'kuumangirira pakachiwongolero kaja kuti chala chachikulu chizikhotetsa, cholozera chikuponda mafuta. Ndinayesa ndekha dzanja lina nditalipisa m'thumba mpaka zinatheka.

Ndinafika nako ku Kacholola. Ndinangokayendetsa kulowa kuchipinda kwa atate, n'kukakweza pansapato zawo. Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja lija lamoyo, ndipo mawu oyamba omveka bwino amene ndinamva kwa iwo chidwalireni anali ondidzudzula. Anati, "Uthamangitsa. Leta kuno." Ndinawapatsa limoti.

Abale inu, mukanawaona! Kuseri kwa nyumba kuli miyala ikuluikulu, ndipo miyala imeneyo inasanduka Sandwe wawo. M'mawa uliwonse ankagogoda ndodo kuti amai awatulutsire mpando. Ndikabwera Loweruka ndinkapeza ntchito ikundidikira. Kakagubuduka ankaloza batire n'kuloza pansi, kutanthauza kuti ndiitsitse ndi kuisunthira kutsogolo. Analamula tayala la sipeya kumbuyo kwa mutu, analamula tenti ya kansalu, analamula kachingwe kokokera ngati kaja ankadzichotsera nako m'matope. Masipuling'i ndinasintha kangapo konse iwo akupukusa mutu, mpaka tsiku lina anagwedeza mutu movomera. Pokangana nane za zinthu zimenezi lilime linayamba kumasuka. Anayamba kudya bwino, anayamba kulola alendo kukhala nawo panja. Amai anandikokera pambali n'kunena kuti kachidole kangako kachita zimene mankhwala analephera.

Kenako linafika tsiku lovundukula mwala wa pamanda a amalume anga. Titachoka kumanda anthu onse anasonkhana pakhomo pa atate kuti adye. Pakati pawo panali a Mulenga, alangizi a zaulimi amene anatumizidwa ku Nyimba kuchokera kumpoto. Sanali mlendo ayi. Anali atadyapo m'nyumba mwathu kambirimbiri, ndipo matenda a atate ankawadziwa bwino lomwe. Tsikulo anali ndi kathumba ka ufa m'manja, akupaka aliyense, anthu akufa ndi phwete.

Atate, mwa kunyadira kwawo, anaitanitsa kagalimoto kuti aonetse azilamu awo. Anakakweza pamwala wina wovuta, pang'onopang'ono, anthu n'kuomba m'manja. Nkhope yawo inawala. Pomwepo a Mulenga anatulukira kumbuyo, kuwathira ufa kumutu, n'kutsomphola limoti. Anakuwa kuti, "Odya mbewa, iyi ndiye motoka yanu? Lelo tione ngati izaoloka mseu!"

Atate anakuwa, "Iyai! Iyai, siyani!" Tsoka lake linali pomwepa, inu owerenga. Pachimbuya wolandidwa amayenera kukuwa. Amakana, amatukwana, amaopseza, ndipo kukana kwakeko ndiye mchere wa sewerolo. Choncho atate akamakuwa kwambiri, anthu ankasekanso kwambiri, ena mpaka kumati mdala wachira, taonani akubwezera chimbuya. Koma ine ndimawadziwa atate anga. Ndinaona mtsempha wa pakhosi utatupa. Ndinadziwa kuti sakusewera. Ndiye ndinatani? Ndinaseka nawo. Ndinaopa kuti ndikalowererapo azinena kuti mwana wa m'tauni sadziwa mwambo.

A Mulenga ananyamula kagalimoto, gulu likuwatsatira, ine ndili momwemo, n'kukakaika pamphepete pa phula. Kanayamba kukwawa kulowa mumseu. Kagalimoto kotere sikathamanga, ndinachita kukapangira dala kuti kaziyenda ngati munthu wopita kumunda. Kali pakati pa mseu, thiraki yamafuta inatulukira pakona ya phiri ikutsika. Amene mukudziwa Kacholola mukudziwa kuti thiraki yotsika pamenepo siimira nkhuku. A Mulenga anayesa kubweza, koma mpini wa mswachi uja sanauzolowere, kagalimoto kanangokhota n'kuima. Tinangomva khwaa.

Nditacheuka, atate anali pansi. Anali atayesa kudzuka kuti atitsatire, mwendo n'kuwakana, n'kugwa chafufumimba m'fumbi, ufa uli m'mutu, malovu akusakanikirana ndi dothi, pamaso pa azilamu, apongozi ndi akazi a eni. Ndipo panali ena amene anali asanaleke kuseka! Tinawanyamula kulowa nawo m'nyumba. Sanalire, anangotseka maso.

Chimene chimandipsetsa mtima koposa ndi zimene zinatsatira. A Mulenga anabwera kwa ine akukutumula ufa m'manja, n'kunena kuti, "Mbuya wanga, ni chimbuya chabe, osakalipa. Uzapanga ina." Nditayamba kukweza mawu, abale anga enieni, amagazi amodzi ndi atate, ndiwo anandigwira pakamwa. Ati chimbuya chilibe mlandu. Ati ungachititse manyazi banja chifukwa cha chidole. Chidole? Chinthu chimene chinadzutsa munthu pamphasa n'kumubwezera mawu, inu mukuti chidole? Azakhali anga mpaka anawaomolera a Mulenga nyama ina, ati asapite ndi mtima woipa. Wopita ndi mtima woipa akhale iwo, pomwe mwini nyumba ali gone kuchipinda!

Patapita masiku a Mulenga anatumiza tambala ndi munthu wa njinga. Eni ake osabwera. Amai anamulandira chifukwa cha ulemu, koma ine sindinalawe ngakhale msuzi wake. Mpaka lero tikakumana ku Nyimba amandikuwira patali za mbewa, akudikira kuti ndibwezere za anyani. Ndimangodutsa, ndipo anthu amati wovuta ndine.

Ndinatolera zidutswa pamseu paja. Mota imodzi ndi mawilo awiri zinapulumuka. Amai anati madzi akatayika saoleka, koma ine sindinamve. Ndinayambiranso: paipi ina, mbaula yomweyo, zipsera zatsopano. Kachiwirika kanatuluka kabwino kuposa koyamba, ndinaikamo ngakhale nyali zoyaka ndi kabokosi ka zida kumbali. Nthawi yonse imene ndinkapanga, atate sanatulukenso panja. Mpando wawo amai anayamba kuyanikapo zovala. Mawu aja anali atabwerera anayambanso kuthawa limodzilimodzi, ndipo chakudya chinkabwerera m'mbale momwe chapitira.

Ndiye inu owerenga, ndikukupemphani. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chitani chimbuya, pakanani ufa, landanani nkhuku, ine sindikuletsa. Koma musanatsomphole chinthu, yang'anani kaye dzanja limene lachigwira, ngati lili ndi mphamvu yokubwezerani. Chimbuya ndi cha anthu awiri oti onse angathe kuima n'kutukwanana. Wodwala, wolumala, wosatha kulankhula, ameneyo si mnzanu wosewera naye, mukungomuzunza. Ndipo inu amene mwaima pambali, ngati wokuwayo ndi kholo lanu ndipo mukudziwa kuti kukuwa kwake n'koona, musaope kutchedwa wosadziwa mwambo. Gwirani dzanja la mbuyayo pomwepo. Adzakusekani tsiku limodzi, basi. Ine ndinaopa kusekedwa tsiku limodzi.

Mwezi wathawu ndinapita nako kachiwiri kaja ku Kacholola. Ndinakhala pamphepete pa bedi, n'kuwaonetsa nyali, n'kuwauza kuti miyala ija ikuwadikira ndipo panja palibe mlendo aliyense. Anakayang'ana bwinobwino, kuyambira kumutu mpaka kumbuyo, ndipo ndinaona kuti akakonda. Ndinaika limoti m'dzanja lawo. Anaigwira pang'ono, chala chikufunafuna malo ake, kenako anaibweza pamwendo panga. Anavutika nthawi yaitali kuti atulutse mawu, ndipo atatuluka anali omveka bwino. Anati, "Azaniseka. Na iwe unaseka."